Diso la Aphunzitsi Kalekeni

Kuchokera ku Bungwe la Aphunzitsi a Sayansi ndi Masamu m'Boma la Chifunde

Kwa mayi Genoveva, mkazi wa malemu, ndi ana awo, Hélder ndi Vânia. Kwa a Castigo, atsibweni a malemu amenenso ndi mwini mbumba, pamodzi ndi abale onse. Kwa aphunzitsi, makolo ndi ana a pasukulu ya sekundariya ya Mwalawoyera m'dera la Mualadzi. Ndi kwa aliyense amene mawu ano amupeze, kaya pa wailesi kaya pakhomo la tchalitchi.

Bungwe lathu lalandira modzidzimuka ndi mosweka mtima uthenga wa imfa ya mnzathu, mmodzi wa oyambitsa bungweli, aphunzitsi Valdemar Kalekeni, amene anatisiya Lachinayi lapitali dzuwa likuswa mtengo. Tikulemba mawu ano mitu isanakhazikike, pakuti imfa imeneyi sinatume matenda kuti atichenjeze, ndipo sinatipatse ngakhale tsiku limodzi loti tikhale pambali pa mphasa yawo n'kumawafunsa kuti adzuka bwanji. M'mawa wa tsikulo anapalasa njinga yawo monga mwa masiku onse, anaseka ndi amayi ogulitsa matimati pamphambano, analowa m'kalasi n'kuyamba phunziro. Chapakati pa phunzirolo anadandaula kuti mutu ukuwalemera, n'kukhala pabenchi la ana, chinthu chimene sanachitepo chiyambire uphunzitsi wawo, chifukwa a Kalekeni ankaphunzitsa choimirira ndiponso choyendayenda. Anawauza anawo kuti, "Pitirizani kujambula, ndidzuka pompano." Sanadzukenso. Aphunzitsi anzawo anaimitsa galimoto yonyamula chimanga kuti iwathamangitsire kuchipatala, koma anatsirizikira panjira.

Foni itandipeza kuno ku Chifunde, ine amene ndikulemba m'dzina la bungwe ndinakalipira woimbayo kuti asaseweretse dzina la munthu wamoyo. Dzulo lake lomwelo a Kalekeni anali atandiimbira, akutsutsana nane mokweza mawu monga mwa chizolowezi chawo, pa nkhani ya tsiku lochitira chionetsero cha sayansi cha ana a sukulu. Munthu wosafika zaka makumi anayi, wosadziwa bedi la chipatala, wokwera chitunda panjinga osatsika, angathe bwanji ngati nyali yozimitsidwa ndi mphepo? Mpaka lero anzathu ena a ku Nsadzo akuimbabe, kufunsa ngati dzinalo tinalimva bwino.

A Valdemar Kalekeni anabadwira m'dera lomweli la Mualadzi, anayamba sukulu ku mishoni, ndipo atatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Tete anakana kutsalira m'tauni, pamene anzawo ambiri ankapempherera mwayi umenewo usana ndi usiku. Anabwerera kwawo kudzaphunzitsa za zamoyo ndi za mankhwala pasukulu imene inalibe chida chilichonse koma choko ndi bolodi. Kwa zaka zambiri ankajambula pabolodipo tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi la chamoyo, ndipo iwo eni ankaseka pofotokoza kuti ana a m'kalasi mwawo ankakula akukhulupirira kuti kachigawo kameneko ndi koyera, ndipo n'kakukulu ngati lichero. Ndiwo anayambitsa chionetsero cha sayansi cha m'boma lino. Ndiwo ankayenda khomo ndi khomo kupempha makolo kuti ana aakazi asasiye sukulu nthawi yokolola. Ndiwonso anatisonkhanitsa ife, aphunzitsi obalalika m'masukulu otalikirana, kuti tikhale ndi mawu amodzi popempha boma kuti likumbukire ana akumidzi. Pamisonkhano sanali munthu wophweka kukhala naye, tinene zoona. Wina akati titseke msonkhano mvula isanatitsekereze, a Kalekeni ndi pamene ankakweza dzanja.

Pempho lathu linamveka. Boma litapatula ndalama zolimbikitsira sayansi m'masukulu akumidzi, masukulu angapo a kuno analandira mabokosi a zida, ndipo a Kalekeni ndiwo anasankhidwa kupita ku Tete kukaphunzira kagwiritsidwe kake. Ku Mwalawoyera kunafika mikirosikopiyo imodzi, chida choonera tinthu timene maso sangathe kuona, ya kagalasi kotapa kuwala kwa dzuwa popeza kumeneko magetsi sanafike. Tikuthokoza boma chifukwa cha mphatso imeneyi, ndipo tidzathokozabe. Koma ambirife zida zija tinazilandira ndi mantha, poganiza kuti katundu wa boma akasweka tidzayankha chiyani. Tinazitsekera m'makabati, n'kumazipukuta fumbi tikamva kuti kukubwera alendo. A Kalekeni okha ndiwo anakana zimenezo. Ankati, "Chikafuna kusweka chiswekere m'manja mwa mwana, osati mphemvu zizigonamo m'kabati." M'kalasi mwawo mwana aliyense, wochenjera ndi wogona yemwe, ankayenera kudontheza yekha madzi pakagalasi, kulozetsa yekha kuwala, ndi kupotokola yekha kachitsulo mpaka ataona. Amene sanaone sankatuluka kukasewera.

Mphepo itasasula denga la chipinda chosungiramo katundu pasukulupo, a diretori, mkulu wa sukuluyo, anawalola kuti chidacho azisunga kunyumba kwawo. Kuyambira pamenepo anthu a m'njira ya ku Mwalawoyera anazolowera kuona mwamuna wamkulu akupalasa njinga atabereka mtolo kumsana ndi nsalu ya kapulana ya mkazi wake, akuzemba maenje mosamala kuposa mmene amachitira atakweza munthu. Amayi pamsika ankawafuulira kuti, "A purofesori, mwanayo wagona bwanji? Sayamba kuyenda yekha?" Iwo ankayankha kuti mwanayo ndi wa boma, safuna kugwedezedwa, koma yankholo anthu ankangolitenga ngati nthabwala. Patchuthi ankapita nayo kumudzi kwawo. Kumeneko anatunga madzi pachitsime cha kudambo n'kuonetsa abale awo tizilombo tosambira m'kadontho kamodzi, moti a Castigo, atsibweni awo, anatha tsiku lathunthu osamwa madzi, akungopempha thobwa. Mudzi wonse unayamba kuwiritsa madzi akumwa, ndipo chidacho anachitcha dzina loti diso la Valdemar. Palibe amene ankaganiza kuti chinali cha wina. Chinthu chogona m'nyumba mwa munthu, choyenda pamsana pake, chofunda kapulana ya mkazi wake, ndani akanati si chake?

Zimene zinachitika pamaliro Loweruka sitikanazilemba mu uthenga wa chipepeso, chikhala kuti mphekesera sizinayambe kale kuthamanga kuposa njinga zamoto. Ena akuti abale a malemu anafuna kulanda katundu wa boma, pamene ena akuti aphunzitsi anapita pamaliro kukalanda katundu wa amasiye. Zonse ziwirizi ndi zabodza, ndipo zikupweteka anthu amene misozi yawo sinaume. Choncho, a banja atatipatsa chilolezo, tikunena zimene tinaona ndi maso athu.

M'banja la a Kalekeni muli mwambo wakuti munthu amapita ndi chida cha ntchito yake. Bambo awo anaikidwa ndi kakhasu kawo, ndipo agogo awo, amene ankaumba mbiya, anapita ndi kamwala kawo kosalalitsira. Abale polongedza katundu wa malemu kunyumba ya kusukulu anatenganso mtolo uja pamodzi ndi zovala, ndipo mayi Genoveva, amene pa nthawiyo sankadziwa n'komwe kuti kunja kwacha kapena kwada, sanaone. Loweruka masana bokosi lili pabwalo, anthu atatha kuona nkhope, a katekista atatsegula buku lawo, a Castigo anatuluka m'nyumba ya siwa atanyamula mtolowo ndi manja awiri. Anagwada, anauika kumapazi kwa malemu, n'kunena kuti, "Pita nalo diso lako, mwana wa mlongo wanga. Ukaone njira."

Ndinayang'ana a diretori, a diretori n'kuyang'ana pansi. Tinali alendo pamudzipo, ndipo mlendo angayambe bwanji kupisa dzanja m'bokosi la mwana wa eni, pamaso pa mwini mbumba amene akuchita zimenezo chifukwa cha chikondi? Komanso tonse tinkadziwa kuti mikirosikopiyo imeneyo ndi yokhayo pasukulu yonse ya Mwalawoyera, ndi kuti ikalowa m'dothi, ana adzabwerera ku lichero la pabolodi mpaka tsiku losadziwika. Adzukulu anali atagwira kale chivundikiro ndi misomali.

Amene anatsegula pakamwa ndi munthu amene sitinkamuyembekezera. Mayi Genoveva anali pamphasa pakati pa amayi a ku parokiya, atafunda nsalu kumutu. Mwaulemu wa kuno sakanatha kulankhula maso ndi maso ndi a Castigo, apongozi awo, choncho anatembenukira kwa alamu awo, a Laurinda, mlongo wa malemu, koma mawu anawakweza mokwanira kuti amveke pabwalo ponse.

"Alamu, auzeni apongozi kuti andikhululukire, lero si tsiku langa lolankhula. Koma chinthucho si cha bambo a Hélder ayi. N'cha ana a sukulu, boma linagulira iwowo. Iwo ankangochilera."

A Laurinda anabwereza mawuwo ngakhale aliyense anali atawamva. A Castigo sanatembenuke.

"Auzeninso kuti ine ndinkakhala nacho m'nyumba," anapitiriza mayi Genoveva. "Denga likadontha, ankathamangira kusuntha chimenecho, ine ndi ana tikunyowa. Munthu amene sankalola kuti fumbi lichikhudze, mukamukwirira nacho m'dothi, mukuti akagona? Sakagona amenewo. Azidzabwera kumaloto kudzafunsa kuti ana akuonera chiyani, ndipo ayambira kwa amene anachiika m'bokosi."

Pabwalo panamveka kung'ung'udza, ndipo amayi ena anayambanso kulira. A Castigo analankhula ali chigwadire, osati mwaukali, koma ngati munthu amene walandidwa chomaliza chimene akanachitira mwana wake.

"Ndamva. Ndiye mukuti apite chimanjamanja? Atate ake anapita ndi khasu, iye apite ngati sanagwirepo ntchito padziko pano?"

Iwo anatulutsa mtolo uja m'bokosi, anaumasula, n'kuimika chidacho pamtondo wovundikira umene unali pafupi. Atatero anatembenukira kwa ife aphunzitsi, amene tinali titakhala pamipando mumthunzi, titavala zathu zabwino.

"Inu a maphunziro, zimene mumachita ndi zinthu za boma ndimazimva. Mwanayu ankandiuza. Mumazikhomera m'kabati mpaka zichite dzimbiri. Ngati n'kumeneko chikupita, kuli bwino chipite ndi mwini wake amene ankachikonda. Koma ngati alipo wina pano woti andionetse tizilombo ta m'madzi monga ankandionetsera iyeyu, abwere andionetse. Ndikationa, mutenge."

Anthu a Chifunde, sitibisa: pamipando paja panalibe amene anadzuka. Ine ndimaphunzitsa masamu, a diretori amaphunzitsa Chipwitikizi, ndipo anzathu a sayansi amene tinapita nawo anali ochokera m'masukulu aja a makabati okhoma. Tonse tinkaidziwa mikirosikopiyo pachithunzi, tinkatha kutchula ziwalo zake zonse pamayeso, koma kuilozetsa padzuwa pamaso pa khamu la anthu olira, bokosi lili chitsegukire, panalibe amene analimba mtima. A Castigo anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo anayamba kutambasulanso kapulana ija kuti akulunge.

Pamenepo m'pamene tinamva anthu akuti, "Taonani uko!" Pansi pa mtengo wa mango panali ana a sukulu amene anabwera wapansi kuchokera ku Mwalawoyera kudzaimba pamaliro a mphunzitsi wawo, atavala yunifolomu. Palibe amene anawafunsa, palibenso amene anawauza chochita. Iwo anangomva funso, ndipo anachita zimene ankachita tsiku lililonse m'kalasi mwa a Kalekeni: anakweza manja. Osati awiri kapena atatu ayi, koma mzere wonse, ndi wakumbuyo womwe, anyamata ndi atsikana, misozi ili m'masaya. Wina anaiwala kuti ali pamaliro mpaka analiza zala kuti asankhidwe.

A Castigo anaima ngati munthu wolota. Kenaka analoza mtsikana wina wamng'ono thupi, dzina lake Felismina, mwina poganiza kuti ngati angathe ameneyo ndiye kuti onse angathe. Mwanayo anabwera chowerama, anagwada pamtondo paja, anapukuta manja pasiketi yake. Anathyola kaudzu, anakaviika mu ndowa ya madzi a kudambo amene amayi anatungira adzukulu osamba m'manja, n'kudontheza pakagalasi. Anatembenuza kagalasi kapansi kufunafuna dzuwa, anapotokola kachitsulo pang'onopang'ono, akupukuta misozi ndi phewa kuti isagwere pachidacho. A katekista anatseka buku lawo. Ngakhale makanda kumsana anakhala ngati amva kuti si nthawi yolira.

"Agogo," anatero mwanayo, "bwerani. Tsinzinani diso limodzi. Musagwire apa, mungagwedeze."

Mkulu uja anawerama n'kuyang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali, moti ena tinayamba kuopa kuti mwina palibe chikuoneka. Kenaka tinamva akunena chapansipansi kuti, "Tilimo. Tikuyenda. Ndi tomwe tija." Atadzuka, nkhope yawo inali itanyowa, ndipo munthu amene kuyambira Lachinayi anayendetsa maliro onse osagwetsa msozi analira mokweza pamaso pa mbumba yake. Ananyamula chidacho n'kuchipereka, osati kwa ine kapena kwa a diretori, koma m'manja mwa Felismina. Anayang'ananso ana aja pansi pa mango, n'kuuza adzukulu kuti, "Tsekani. Sakupita chimanjamanja mwanayu. Katundu wake wachuluka, sangakwane m'bokosi."

Izi ndi zimene zinachitika, ndipo aliyense wonena zina akunamizira anthu olira. Bungwe lathu likuweramira a Castigo, amene sanafune kulanda kanthu koma kulemekeza mwana wawo monga makolo awo anawaphunzitsira, ndipo funso lawo latibaya pamene pankayenera kubayidwa. Likuweramiranso mayi Genoveva, amene pa tsiku lowawa koposa m'moyo wawo anakumbukira ana a anthu ena.

Kwa akuluakulu a boma oyang'anira maphunziro, pempho lathu tikulipereka mwaulemu, koma mosazengereza. Lolemba m'mawa ana a Mwalawoyera analowa m'kalasi, mikirosikopiyo ili patebulo, kutsogolo kulibe munthu. Tikupempha kuti mutitumizire mphunzitsi wa sayansi chaka chisanathe, ndi kuti ndalama zikadzapezekanso, zidzagule zida, inde, komanso zidzaphunzitse aphunzitsi ambiri kagwiritsidwe kake ndi kufolera zipinda zosungiramo, kuti nzeru za boma lonse zisadzakhalenso m'mutu mwa munthu mmodzi woyenda panjinga. Ifenso mbali yathu tayamba. Mamembala agwirizana kuti makabati onse atsegulidwe sabata ino, ndi kuti mpaka mphunzitsi watsopano atafika, tizisinthana kupita ku Mwalawoyera kukagwirizira makalasi a malemu. Tikudziwa kuti pa nkhani ya chida chija ana ndiwo akatiphunzitse ife, ndipo tikakhala pabenchi popanda manyazi. A Castigo anena kuti akadzatha mwambo wa kumeta adzafika okha pasukulupo kudzaona ngati tasunga mawu athu, ndipo tikuwadikira.

M'dzina la mamembala onse a bungwe, kuyambira ku Chifunde, ku Mualadzi mpaka ku Nsadzo, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu mayi Genoveva, kwa inu Hélder ndi Vânia, kwa a Castigo, a Laurinda ndi mbumba yonse. Pepani, pepani ndithu. Ku Mwalawoyera tikhoza kusinthana masiku, ndipo tsiku lina boma lidzatumiza wina woti aime kutsogolo kwa kalasi ija. Koma pakhomo panu, madzulo ikakwana nthawi imene belu la njinga linkalira kuseri kwa nyumba, palibe amene tingamutume. Chimenecho sitingachikonze, ndipo sitinamizira kuti tingathe. Mulungu amene amaona zimene maso a munthu saona akupatseni mphamvu pa tsiku lililonse likubwerali, ndipo alandire mnzathu Valdemar, amene sankadziwa kukhala pansi, kuti tsopano apumule mumtendere.

Ine wanu m'chisoni,

Palmira Narciso
Mtsogoleri wa Bungwe la Aphunzitsi a Sayansi ndi Masamu m'Boma la Chifunde